Mvula Yofunda

Ndinali padenga ndikuyanika mabulangete pamene chimkuzamawu cha kumzikiti chinatsokomola. Sinali nthawi ya mapemphero a swala. Kwathu chikalira nthawi yotero ndiye kuti kwagwa maliro, choncho ndinaima chilili, bulangete lili m'manja, ndikuganizira okalamba a m'mudzi mwathu mmodzimmodzi, kuti kodi Mulungu waitana uti.

Shehe sanatchule dzina la munthu. Anati kukubwera namondwe kuchokera kunyanja, wamkulu amene sitinamuonepo, ndipo afika kuno kumapiri dzuwa lisanapendeke. Ana asapite kusukulu. Amene ali ndi ziweto aziike pabwino. Anabwereza kawiri, anati Mulungu atisunge, chimkuzamawu n'kuzima.

Unali mwezi wa khumi, chakumapeto. Chaka chilichonse nthawi imeneyi ndimatulutsa zofunda zaubweya m'bokosi kuti zipitidwe mphepo chisanu chisanafike. Koma chaka chimenecho kunkatenthabe, ngati chilimwe chinaiwala njira yobwerera kwawo. Kumpoto, kumene nyanja imaoneka ngati kaulusi tsiku lowala, kunali kuli bii.

Amuna anga, a Wanis, anakwera padengapo ndi kapu ya tiyi. Inali yanga. Iwo amamwa yotsalira m'ketulo, yowawa ija, ndipo amati ndiyo amaikonda. Zaka makumi atatu sindinawatsutsepo pa bodza limeneli.

"Mwamva, bambo a Rabha?"

"Ndamva. Mmene amakuwira Shehe wathuyu, ngakhale a kumanda amva."

"Nkhosa muziika kuti?"

"M'khola mwawo. Linga lamiyala lija chimangireni bambo anga silinagwepo."

Khola lathu lili pamtetete, pamwamba pa mtunda wa kuseri kwa mudzi. Ndinayang'ana kumeneko, kenako ndinayang'ana tiyi.

"Mutsike nazo kuphanga."

Anaseka mpaka kutsamwa. "Kuphanga? Mayi a Rabha, taonani malaya angawa. Ndikuchucha thukuta ngati bulu wa pachitsime, inu mukuganiza za chipale?"

Mwana aliyense wa kumapiri kuno amakula akudziwa kuti mphepo yoipa ikamabwera, nkhosa zimatsikira kukhwawa. Pamwamba pamagwa chipale chofewa, choyera ngati ufa, chimene chimakwirira nkhosa zili chiimire. Pansi, m'khoma la tsidya lina la khwawa, muli phanga lalikulu lolowa nkhosa zana, lofunda ngati m'mimba. Madzi a nyengo yozizira amadutsa pansi pake. Pali mwala wakuda pakati pa njira yokwerera kuphangako, ndipo palibe nkhalamba imene inaonapo madzi ataupitirira mwala umenewo.

"Chimene chinatenga Hamad chinabweranso pa nthawi yosakhala yake," ndinatero.

Hamad anali mlongo wanga, wondipondera pamutu. Chaka chimene anamwalira, mitengo ya amondi inali itachita kale maluwa, anthu atapinda kale mabulangete. Tinamupeza patapita masiku atatu, atakhala tsonga pakati pa nkhosa zake, pamtunda ngati wathuwo, chipale chitamulekeza m'chifuwa.

"Nayenso anaseka m'mawa wake," ndinawonjeza.

A Wanis analeka kuseka. Dzina la Hamad sindilitchula kawirikawiri, ndipo ndikalitchula sandikaniza kanthu. Ndinkadziwa zimenezi pamene ndinkalitchula. Mulungu akudziwa kuti ndinkadziwa.

"Chabwino," anatero. "Nditsika nazo, kuti mtima wanu ukhale m'malo. Koma ndikakapsa ndi kutentha m'phangamo mudzandidye ndi buledi."

Asanapite anandipindira mabulangete onse, n'kutsika nawo awiriawiri chifukwa amadziwa bondo langa. Ine ndinawamangira buledi, tiyi ndi shuga, ndipo ndinatulutsa jaridi, chinsalu cholemera chaubweya chija amuna amadzikulunga nacho pachisanu. Anachita tsinya, koma ndinawakulunga ndekha ndi kumanga mfundo paphewa, yolimba. Ndinati asalivule zivute zitani. Ndinawayang'ana akutsetsereka ndi nkhosa zathu makumi asanu ndi limodzi, zimene zinali munda wathu ndi nkhokwe yathu, mpaka fumbi lawo litazimirira. Ndinathokoza Mulungu kuti andimvera.

Mvula inayamba dzuwa lili pafupi kufika paliwombo. Sinayambe ndi kuwaza. Inangokhuthuka.

Posakhalitsa kunagogoda a Sdeena, mlongo wawo wa amuna anga, ndi amuna awo a Miftah. A Sdeena anali atabisa mbale ya supu m'kati mwa chovala, chifukwa amadziwa kuti ndikakhala ndi nkhawa ndimaiwala kudya. A Miftah anali ndi chingwe paphewa. Iwowa anagwira ntchito yophika m'sitima zapamadzi zaka makumi awiri, n'kubwerako ndi mwendo wotsimphina ndi nkhani zambiri. M'mudzi amawatchula Kaputeni, ndipo amati nkhani zawo n'zothira mchere wambiri.

"Ali kuti mlamu wanga, mfumu ya nkhosa?" anakuwa ali pakhomo. "Abwere timange thanki yamadzi padengapo, isanauluke kukagwera mkazi wa Shehe."

"Atsika nazo kuphanga."

A Miftah anali akupukuta kumaso. Dzanja linaima.

"Phanga liti?"

"Kodi lili ndi linzake?" anatero a Sdeena. "Inu Kaputeni, mchere wa m'nyanja unakudyani ubongo."

A Miftah anatembenukira kukhomo. Anatsekula chitseko chimene anali atangotseka, mphepo n'kugwetsa kalendala kukhoma.

"Alamu, tulutsani dzanja panja."

Ndinatulutsa.

"Mukumva chiyani?"

"Ndi yofunda."

"Ngati madzi osambitsira khanda. Munayamba mwamvapo mvula ya chipale ili yotere?"

"Eee, zayambikatu za m'sitima," anatero a Sdeena, akuika mbale patebulo. "Akuuzani za nsomba imene inameza bwato."

"Khala chete, mkazi iwe!"

Chikwatiranireni sindinamvepo a Miftah akukalipira akazi awo. A Sdeena anaika supuni pansi.

"Tamverani, alamu," anatero, mawu atatsika. "Mphepo imene mumaidziwa inuyo imachokera kumaiko ozizira. Imanunkha chitsulo, imaluma zala isanafike. Imeneyo imapha pamwamba, ndiye munthu umathawira pansi. Uyu si m'bale wake. Uyu wabadwira panyanja yotentha. Chilimwe chonsechi nyanja yakhala pamoto ngati mphika, ndipo iyeyu wakhala akumwa nthunzi yake. Mtima wake ndi wotentha. Wasenza nyanja pamutu, akufuna poitula."

"Ndiye chipale sichigwa?"

Ndinafunsa ngati mwana. Ndinkafunabe kuti anene kuti chigwa.

"Mnzanga wina wa m'sitima anandiuza kuti kumaiko akutali, namondwe wotere akakalamba n'kukumana ndi mphepo yozizira, amatha kusiya chipale pamapiri. Koma pamenepo amakhala atasanduka kale chinthu china. Kuno, mwezi uno, dzanja lanu lakuuzani kale. Ine ndinamuona wotere kugombe la ku Omani. Tinatsika m'sitima patapita masiku awiri. Galimoto zinali m'mitengo, alamu. Amene anathawira m'makwawa ndiwo tinkawafukula m'matope." Analoza kumapiri. "Madzi onse akugwa pamapiri ano ali ndi njira imodzi yokha yopitira kunyanja."

Sindikumbukira kuti foni ndinaitenga bwanji. Ndinkadziwa kuti kukhwawa siigwira, siinagwirepo, koma ndinaimba katatu. A Miftah anauza akazi awo kuti athamangire kumzikiti akauze amuna kuti azungulire msewu wa kumtunda, apite tsidya linalo ndi zingwe. A Sdeena asanatuluke anavula nsapato zawo zamphira n'kuziika pamapazi anga. Iwo anapita ndi patapata wanga.

Kagalimoto ka a Miftah n'kakale, chitseko chimodzi chimamangidwa ndi waya. Kuchoka kumudzi kukafika pamphepete pa khwawa ndi ulendo woti tiyi sazizira, koma tsiku limenelo msewu unali mtsinje. Tinkayenda ngati tikukankha. Nthawi ya swala ya masana inandipitirira ndili m'galimotomo, ndipo ndinapemphera ndi lilime lokha. Mawu onse amene ndinaphunzira chiyambire ubwana anathawa, kunatsala amodzi: Inu Wosunga, Inu Wosunga.

"Mlamu wanga si chitsiru," anatero a Miftah, nkhope ili pagalasi. "Akaona madzi, akwera pamwamba."

"Akaona madzi adikira pamwala wakuda."

A Miftah ankadziwa kuti ndanena zoona. Munthu aliyense wa m'mudzi mwathu akanadikira pamwala wakuda.

Titafika, mphepo inakana kuti nditsekule chitseko. A Miftah anazungulira n'kuchikoka ndi manja awiri. Poyenda kupita kumphepete anakhala mbali yochokera mphepo, ndi mwendo wawo wotsimphinawo, kuti ine izindipeza itachepa.

Khwawa limene amuna anga anawoloka m'mawa pouma linali litadzaza khoma ndi khoma. Madzi anali ofiira ngati dothi la m'minda ya kumtunda, chifukwa analidi minda ya kumtunda. Munkadutsa mitengo yathunthu ndi mizu yake. Munadutsa chitseko chobiriwira cha nyumba ya munthu. Phokoso lake silinkamveka m'makutu mokha, linkakwera m'miyendo.

Tsidya linalo, m'munsi mwathu, phanga linali phee, ndipo pakhomo pake pankatuluka utsi. Anali atakoleza moto. Ankaphika tiyi, atafunda jaridi lawo, akudikira chipale chimene ndinawalonjeza.

Mwala wakuda unkaonekabe, koma msonga yokha.

A Miftah anabwerera kugalimoto n'kuyamba kuliza hutala. Ine ndili pafupi ndinkangoimva ngati kulira kwa udzudzu. Anayatsa magetsi, kuzimitsa, kuyatsa. Patapita nthawi a Wanis anatulukira pakhomo la phanga, kapu ili m'manja. Anayang'ana madzi, anayang'ana mwala, kenako anakweza maso n'kutiona.

Anatibayibitsa. Analoza mwala wakuda, n'kugwedeza dzanja pansipansi, kutanthauza kuti madzi alekera pomwepo. Kenako anatikankha ndi dzanja kuti tibwerere kunyumba tingavumbwe.

Pamene iwo anaima sakanatha kuona kumtunda, chifukwa khwawa limakhota. Ife pamwamba tinkaona. Kuseri kwa gulaye, mitengo ndi miyala zinali zitatseka pamalo opapatiza, ndipo kumbuyo kwake madzi anali ataunjikana ngati nyumba zosanja, akufufuma.

"Kweraaa!" anakuwa a Miftah atabwerera pamphepete, mitsempha ya m'khosi ili panja. "Kwera, galu iwe! Wanis! Mbuzi ya munthu, kwera!"

Mphepo inatenga zonse.

Pamwamba pa phanga pali kanjira ka mbuzi kokwera khomalo mpaka pamtunda. Munthu wamphamvu amakwera ndi manja ndi mapazi. Nkhosa siingakwere. A Miftah ankaloza kanjirako ndi manja onse awiri, akudumpha ndi mwendo wabwinowo, ndipo ndinaona amuna anga akupukusa mutu. Ndikuganiza kuti ankaseka. Kaputeni ndi nkhani zake.

Kwathu mkazi savula mpango pamaso pa amuna, kupatula ngati imfa yalowa m'nyumba kapena ili pakhomo. Amayi anga anavula kamodzi moyo wawo wonse, tsiku limene anthu anabweretsa mtembo wa Hamad. Mwamuna akaona mutu wa mkazi wake uli pamtunda pabwalo safunsa mafunso.

Ndinamasula mfundo. Mphepo inamwaza imvi zanga. A Miftah anatembenuza nkhope msangamsanga n'kuyang'ana kumbali, ndipo sanandiyang'anenso mpaka zonse zitatha. Ndinagwira mpangowo ndi manja awiri, ndinaima pamphepete penipeni, ndi kuukweza kumwamba. Kuutsitsa, kuukweza. Kuutsitsa, kuukweza.

A Wanis anaima osagwedezeka. Kapu inagwa m'manja mwawo.

Ndinkaganiza kuti athamangira kukanjira. Iwo analowa m'phanga.

"Ayi, ayi, ayi," anatero a Miftah. "Zisiye, m'bale wanga. Zisiye."

Anatuluka akukoka nkhosa yamphongo yotsogolera, ataigwira nyanga. Ikapita iyo, zonse zimatsatira. Anaikokera pakanjira, anaikankha kumbuyo ndi phewa. Inakwera masitepe awiri n'kutsetsereka. Anaikankhanso. Zinzake zinaunjikana pakhomo, mitu pansi, monga zimachitira mvula ikamagwa. Nkhosa zimenezo ankazidziwa iliyonse ndi mayi wake. Ina anaiyamwitsa ndi botolo m'khitchini mwanga. Ndinkadziwa chimene ndinkawapempha.

Nditayang'ananso pansi, mwala wakuda panalibe.

Ndinagwada m'matope, mpango uli m'mwamba. Ndinauza Mulungu kuti nkhosa atenge. Ndinati atenge ndi nyumba yomwe, ndi maso angawa. Si mmene munthu amayenera kulankhulira ndi Mwini zonse, ngati ali pamsika, koma ndi mmene ndinalankhulira.

Kachitatu nkhosa ija inaterereka n'kugwera m'madzi. Sinaonekenso ngakhale nyanga. A Wanis anayang'ana pamene inagwera. Anayang'ana zotsalazo. Anaika dzanja pamutu pa imodzi imene inali pafupi. Kenako anagwira mwala n'kuyamba kukwera.

Ankakwera pang'onopang'ono kwambiri. Ndi munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, koma miyendo yawo ndi ya kumapiri, ndipo sindinkamvetsa chimene chinkawachedwetsa. A Miftah ndiwo anaona.

"Jaridilo! Lamwa madzi, likulemera ngati munthu wachiwiri. Anawamanga ndani chonchi pa kutentha konseku?"



Pakati pa khoma a Wanis anaima. Dzanja limodzi linagwira muzu, lina linkalimbana ndi mfundo ya paphewa. Ubweya ukanyowa mfundo imauma ngati mwala. Anayesa ndi zala. Anayesa ndi mano. Ine ndinkamva mfundoyo m'zala zanga, mmene ndinaikokera kawiri m'mawa uja kuti isamasuke.

Kumtunda kunamveka kuphulika, ngati phiri lathyoka msana. Chotchinga chija chinapita.

Ndinaona jaridi likugwa, litatambasuka. Sindinadziwe ngati linali lokha kapena munali munthu. Kenako madzi anatulukira pagulaye, khoma lofiira lodzaza mitengo, ndipo anadutsa pakhomo la phanga ngati palibe phanga. Utsi unazima. Sindinamve nkhosa ngakhale imodzi ikulira. Nthunzi ya madzi ndi mvula zinaphimba khoma lonse la tsidya, sitinaonenso kanthu.

A Miftah anayamba kunena mawu amene timanena munthu akamwalira, kuti ndife a Mulungu ndipo kwa Iye tidzabwerera. Anafika pakati n'kuleka. Anavula chikhoti chawo n'kundiponyera pamutu, nkhope ili kumbali.

Sindikudziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji. Maondo anga anazama m'matope. Mvula inkandilowa m'kamwa, yofunda, ndipo ndinkailavula.

"Alamu," anatero a Miftah. "Pamkungudza paja. Taonani pamkungudza."

Pamwamba pa khoma la tsidya pali mtengo umodzi wa mkungudza wopindika. Pansi pake panali chinthu choyera chikuyenda. Chinali malaya. Munthu ankakwawa ndi zigongono, mwendo umodzi ukukhwekhwereka. Anafika pamtengo, anaukumbatira, n'kukhala tsonga.

"Mulungu ndi wamkulu! Galu uja wakwera! Wakwera, mwana wa apongozi anga!" A Miftah ankalira ndi kuseka, akumenya ntchafu yawo. "Amuna aja amupeza. Akachedwa bwanji amupeza, pamenepo madzi safika."

A Wanis sanatiyang'ane. Anakhala atagwira mtengo, mutu uli pansi, akuyang'ana pamene panali phanga. Bambo awo anawasiyira nkhosa khumi ndi ziwiri, ndipo zina zonsezo zinabadwira m'manja mwawo. Kumbuyo kwathu, pamtunda wa kuseri kwa mudzi, khola lamiyala linali chiimire, lopanda kanthu.

Ine sindine munthu wokweza mawu. Rabha, mwana wathu, amati ali wamng'ono ankadziwa kuti ndakwiya akaona ndikupukuta mbale youma kale. Zambiri zimene ndinafuna kuuza amuna anga pa zaka zonsezi ndinauza Mulungu, ndikuyembekeza kuti awafikitsira. Koma tsiku limenelo ndinadzuka m'matope, ndinaika manja kukamwa.

"Bambo a Rabha! Ndine ndinakutumani!"

"Sakukumvani, alamu," anatero a Miftah mofatsa. "Mudzawauza kunyumba."

Ndinakoka mpweya mpaka m'nthiti munapweteka.

"Ndinaopa chipale, bambo a Rabha! Ndinatchula Hamad dala kuti musakane! Nkhosa zanu ndapha ndine, ndipo inunso ndikanakuphani! Ndikhululukireni! Wanis, mwamuna wanga, ndikhululukireni!"